Mau Ayenda ndi Anzao: Za Mwai, Tsoka ndi Cuma m'Cingerezi

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi a sukulu za m'midzi yozungulira Chipata

Pali dandaulo limodzi limene silisowa pamsonkhano wa aphunzitsi a Cingerezi, ndilo lakuti ana adziwa mau ambiri, koma akati alembe nkhani, colembedwaco sicimveka ngati Cingerezi. Mphunzitsi wa kumudzi acita zonse monga anaphunzitsidwa. Alemba liu pabolodi, alichula kawiri kapena katatu, ana nalibwereza pamodzi, ndipo pambali pake aikapo tanthauzo m'Cinyanja: "luck" ndi mwai, "wealth" ndi cuma, "rich" ndi wolemera. Pofika Lacisanu kalasi lonse likhoza mayeso a mau. Koma sabata yotsatira awapatsa mutu wakuti alembe za munthu wa kwao amene analemera, ndipo madzulo, atakhala pansi ndi mulu wa makope, apeza ziganizo zotere: "My uncle did luck." "He killed much money at the market." "After that he saw bad luck, because the treasurer ate the money."

Mwana wolemba zimenezi si wopusa ai, ndipo mphunzitsi asafulumire kumlembera mizere yofiira ndi mkwiyo. Liu liri lonse walilemba molondola, mneni wamuika m'nthawi yake, ndipo maganizo ake ngomveka kwa munthu ali yense wa kuno. Pakuti m'Cinyanja munthu amacita mwai, amapha ndalama pamsika, amaona tsoka, ndipo msungicuma wosakhulupirika amadya ndalama za gulu. Cimene wacita mwanayo ndi kutenga ng'ombe za eni ake ndi kuzimanga m'goli la kwao. Mau awadziwa ndithu, koma awadziwa limodzi limodzi, osadziwa anzao oyenda nao.

Cinenero ciri conse ciri ndi mau oyenda awiri awiri kapena atatu atatu, ndipo kawiri kawiri palibe lamulo la galamala limene lingafotokoze cifukwa cake. Cinyanja comwe ncodzala ndi zotere. Cimanga amakolola, udzu amamweta, ndiwo zamasamba amathyola, mbatata amakumba; ndipo mlendo wophunzira Cinyanja akati wapita kukakolola udzu, ana aang'ono omwe amabisa nkhope ndi kuseka, angakhale amva cimene afuna kunena. Eni Cingerezi nao amamva cimodzimodzi akawerenga "did luck". Aphunzitsi akale anaona msanga kuti apa ndi pamene alendo amapunthwa. Harold Palmer, amene anaphunzitsa Cingerezi ku Japan, anasonkhanitsa mau oyenda pamodzi otere zikwi zingapo nawasindikiza mu 1933. Mnzake wa nchito, A. S. Hornby, anawalowetsa m'buku lake lomasulira mau la ophunzira, limene linatuluka ku Tokyo mu 1942, ndipo Oxford University Press inalisindikizanso mu 1948. Zidzukulu za bukulo zikali m'makabati a sukulu zambiri. J. R. Firth wa ku London analemba mu 1957 kuti liu limadziwika poona anzake amene likhala nao. Akatswiri amacha kuyenda pamodzi kumeneku "collocation", koma mwana wa kumudzi safunika kumva dzinalo. Cimene afuna ndi mphunzitsi amene saika liu pabolodi liri lokha.

Khasu, mbuzi ndi tebulo mphunzitsi angathe kuziloza ndi cala, ndipo mwana sangasokere. Mwai sangauloze, tsoka sangalijambule, ndipo cuma ca mtundu wina sicifanana ndi cuma ca mtundu unzake. Ndiye cifukwa cake mau amenewa afuna cisamaliro coposa. Malamulo a Boma onena za cinenero cophunzitsira asintha kangapo: mu 1966 Cingerezi cinaikidwa kuyambira kalasi loyamba, mu 2014 zinenero za makolo zinabwezedwa m'makalasi a pansi. Koma cimene sicinasinthe ndi cakuti mwana wa ku Chiparamba, ku Kalichero kapena ku Feni amamva Cingerezi cokhazikika pakamwa pa mphunzitsi wake, ndipo cotsalaco acitola pa wailesi, pa zikwangwani ndi pa foni.

Poyamba pali liu lija "luck". Linalowa m'Cingerezi zaka zoposa 500 zapitazo kucokera ku zinenero za anthu a ku Holland ndi kumpoto kwa Germany, ndipo ambiri aganiza kuti linafika ndi ochova njuga. Cinyanja ciri ndi mau awiri osiyana, mwai ndi tsoka. Cingerezi cigwiritsa liu limodzi ndi kulibveka malaya: "good luck" ndi "bad luck". Liuli siliwerengeka, cotero palibe "a luck" kapena "many lucks". Wofuna kunena za mwai umodzi ayenera kunena "a stroke of luck" kapena "a piece of luck". Aneni ake ndi owerengeka, ndipo "do" mulibemo. Munthu amati "he had good luck", "he was in luck", "he tried his luck". Ndipo akapitiriza dala cinthu cimene wapulumukapo kale, anzake amamcenjeza kuti "don't push your luck". Mwaiwo ukatha amati "his luck ran out", monga ufa umathera m'thumba, ndipo munthu amene zinthu zamthina kwa kanthawi ali "down on his luck". Ana amakondwa kumva kuti Angerezi amaika mwai wa munthu pa nyenyezi, nati "born under a lucky star", pamene makolo a kuno anauika pankhope nati munthu uyu ali ndi mphumi.

Koma coposa aneni ndi kudziwa nthawi yonenera mau. "Good luck" amanena munthu asanalowe m'mayeso kapena asananyamuke paulendo. Akaturuka atakhoza, mau ake ndi "well done" kapena "congratulations". M'Cinyanja kuuza mnzako kuti "mwacita mwai" ndi kukondwera naye, ndipo palibe amene angakhumudwe. Koma wophunzira amene auza mnzake wokhoza mayeso kuti "you were lucky", m'makutu a mwini Cingerezi wanena kuti mnzakeyo sanakhoze ndi nzeru zake, wangopulumukira pakadzenje. Coopsa kopambana ndi "hard luck". Mauwa ngoyenera timu imene yagonja pa mpira, kapena mnyamata amene basi yamsiya pa siteji. Ana ena, poona kuti imfa ndi tsoka lalikuru, amalemba "hard luck" m'kalata yopepesa maliro, ndipo wolandira kalatayo amaona ngati amseka. Pamaliro mau ake ndi "I am very sorry" kapena "please accept my sympathy". Mphunzitsi amene aphunzitsa cinthu cimodzi ici cokha wapulumutsa ana ake ku manyazi a tsiku lina.

Liu laciwiri, "fortune", liri ndi nkhope ziwiri, pakuti litanthauza mwai, litanthauzanso cuma cambiri. Aroma akale anali ndi mulungu wao wamkazi dzina lake Fortuna, amene ojambula anamuonetsa alikutembenuza gudumu, kukweza ena ndi kutsitsa ena. Ndipo mpaka lero Angerezi amati "the wheel of fortune". Pophunzitsa liu limeneli mphunzitsi wa kuno safunika kupita ku Roma, cifukwa mzinda wa Chipata womwe unabadwa ndi mau amenewa.

Mu 1886 golidi anapezeka ku Witwatersrand, kumene kunamera mzinda wa Johannesburg, ndipo anthu ambiri a ku Ulaya anayamba kukhulupirira kuti kumpoto kwa Zambezi kuli golidi woposa ameneyo. Anyamata anacoka kwao "to seek their fortune", ndiko kukasaka cuma kutali. Loto lao linali "to strike gold" ndi "to strike it rich", ndipo mneni "strike" m'mauwa ndi kumenya kwa piki pa mwala wa golidi. Cotero mwana asalembe "hit it rich" kapena "beat gold". Mu 1891 wamalonda wa ku Germany, Carl Wiese, amene anakhala pakati pa Angoni zaka zingapo, anapata kwa Inkosi Mpezeni pangano lomlola kufuna miyala ya mtengo wapatali. Pangano limenelo linafika m'manja mwa kampani ya ku London yochedwa North Charterland Exploration Company, yokhazikitsidwa mu 1895, imene inapatsidwa dziko la masikweya mailosi 10,000. Eni kampaniyo anayembekeza "to make a fortune". Mu January 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoni. Mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana ndi mfuti zazikuru, midzi inatenthedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Golidi wocurukayo sanaoneke. Amene anakumbidwa, monga wa ku Sasare ca ku Petauke, anali wocepa. Boma la Fort Jameson linamangidwa mu 1899, nilikhala likuru la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, ndipo dzina la Chipata linadza pambuyo pa ufulu wa 1964.

Golidi atalephera, ciyembekezo cinasamukira ku fodya. M'zaka za m'ma 1920 Azungu a m'mafamu ozungulira Fort Jameson analima fodya wa Virginia, mtengo wake unakwera, ndipo ena "made a fortune". Mu 1928 msika unadzala, mtengo unagwa, ndipo ambiri "lost a fortune", nasiya mafamu ao ali mabwinja. Anthu a m'midzi anali atasunthidwa kale kuti apereke malo kwa Azungu ena amene sanabwere konse, ndipo mu 1941 Boma linagula mbali yaikuru ya malowo kwa kampani ija. M'mbiri imodzi imeneyi muli "seek", "make" ndi "lose", aneni atatu amene amayenda ndi "fortune" kawiri kawiri, ndipo ana sadzawaiwala cifukwa awamva pa nthaka imene amapondapo. Otsala ndi ocepa: cinthu codula kwambiri "costs a fortune", wolandira cuma ca masiye "comes into a fortune", ndipo woombeza "tells fortunes". Pali kamsampha kamodzi: "a small fortune" si ndalama zocepa ai, ndi ndalama zambiri ndithu. Ndi nthabwala ya Angerezi yonena cinthu cacikuru mocepetsa, monga mlimi wa kuno amene wadzaza nkhokwe zitatu amati wapatako timaso ta cimanga.

Pano mphunzitsi ayenera kucenjera ndi cinthu cina. Ana akaphunzira mau okongola amafuna kuwagwiritsa ponse ponse, ndipo wina adzalemba kuti agogo a atate ake anapita ku Salisbury, ku Wankie kapena ku Kitwe "to seek his fortune". Galamala ilibe colakwa, koma mbiri yapotozedwa. Amuna ambiri a dziko lino amene anatsika pansi ulendo wa masabata kunka ku migodi ndi ku mafamu a kumwera sanapite ndi loto la golidi. Anapita cifukwa ng'ombe zinali zitalandidwa, msonkho unafunika m'ndalama, ndipo kwao kunalibe kogulitsa zokolola. Ena anabwera ndi bulangete, njinga ndi bokosi la zobvala. Ena sanabwerenso, nachedwa machona. Mau oyenera iwo ndi "to earn a living" ndi "to make ends meet", ndiko kupeza zongokwanira kuti moyo upitirire. Kusankha pakati pa "seek his fortune" ndi "earn a living" ndi kuweruza moyo wa munthu, ndipo mwana ayenera kudziwa kuti akulemba ciweruzo.

Liu lobvuta koposa onse ndi "fate", pakuti Cinyanja ciribe liu limodzi lolingana nalo. Licokera ku liu la Cilatini lotanthauza cimene canenedwa kale. Agiriki akale anasimba za akazi atatu, mmodzi wopota ulusi wa moyo wa munthu, wina wouyesa utali, ndi wacitatu woudula. Ndipo ngakhale milungu sinathe kutsutsa cimene iwo atsimikiza. Mphunzitsi akafulumira kulemba kuti "fate" ndi tsoka, wanena theka lokha. Pafupi pake pali zonena monga "zinalembedwa" kapena "tsiku lake linakwana", ndi mwambi uja wakuti lungalunga mpobadwa, cilema cicita kudza. Koma maganizo a makolo a kuno anayenda njira ina. Mwana akadwala kapena nkhokwe ikapsya, funso lao linali lakuti wacititsa ndani, kapena mwambo uti walakwiridwa, ndipo anapita kukaombeza ula. Mwini Cingerezi akati "by chance" kapena "as fate would have it", atanthauza kuti palibe munthu womloza cala. Ana ena amabvutika kukhulupirira kuti cinenero cingathe kunena za coipa popanda kufuna mwini wake, ndipo mphunzitsi acita bwino kukhala nao pamenepa kanthawi.

Anzake a "fate" ngakuda pafupifupi onse. Amati "a cruel fate", "to suffer the same fate", "to leave him to his fate", ndiko kumsiya munthu aone yekha. "To seal his fate", ndiko kucita cinthu cotsiriza cimene citseka njira zonse zopulumukira. Ndi "to tempt fate", cimene ciri pafupi kwambiri ndi kudziputira tsoka, monga acita munthu wooloka Luangwa madzi atadzala. Zabwino zimayenda ndi liu lina, "destiny": munthu "fulfils his destiny", koma "meets his fate". Cotero mwana wolembera mnzake wokwatiwa kuti "I wish you a happy fate" wamlodza m'malo momdalitsa.

Mau akuti "met his fate" afunika kuwayang'anitsitsa, cifukwa amabisa wocita. Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera Angoni pa nkhondo ya 1898, anagwidwa, naweruzidwa ndi asilikali, naomberedwa ndi mfuti. Wolemba mbiri angathe kunena kuti Nsingo "met his fate", ndipo Cingerezi cake cidzakhala cosalala bwino. Koma m'ciganizo cimeneco mulibe msilikali, mulibe mfuti, mulibe amene analamula. Zimveka ngati imfayo inamdikira panjira monga mvula. Wophunzira wa makalasi apamwamba ayenera kuphunzitsidwa kuti akakumana ndi mau otere m'buku kapena m'nyuzipepala azifunsa kuti anacita ndani. Ndipo funso lomwelo libwerere kwa iye mwini tsiku limene adzalephera mayeso nanena kuti "it was my fate", pamene aphunzitsi ake onse adziwa kumene anali kukhala madzulo a miyezi itatu yapitayo. M'sukulu za mishoni ana amamvanso mau ena, "providence" ndi "blessing", amene saloza ku ulusi wa akazi atatu aja koma ku cisamaliro ca Mulungu. Nao ali ndi anzao, monga "a blessing in disguise", dalitso lofika litabvala nkhope ya tsoka, ndi "a mixed blessing", cabwino cobwera ndi matope ake.

Tsono za cuma. Liu lakuti "wealth" ndi mbale wa "well", ndipo kale linatanthauza kukhala bwino kwa munthu, thanzi ndi mtendere, lisanafike potanthauza katundu. Tanthauzo lakalelo likali m'dzina lakuti Commonwealth, bungwe limene Zambia inalowa mu 1964, ndiko kunena ubwino wa onse pamodzi. Cimene cidzakondweretsa ana a Angoni ndi ici, kuti Angerezi ndi Aroma nao anayamba kuwerenga cuma m'khola. "Cattle" ndi "capital" acokera ku muzu umodzi, liu la Cilatini lotanthauza mutu. "Fee" ndi mbale wa liu la Cingerezi cakale lotanthauza ziweto. Ndipo liu la Aroma la ndalama, limene linabala "pecuniary", linacokera ku liu lao la zoweta. Mnyamata amene amadzuka m'mamawa kukatsegula khola amva mau amenewa msanga kuposa mnyamata wa ku London amene sanagwirepo mcira wa ng'ombe.

Aneni oyenda ndi "money" ndiwo afunika nthawi yambiri, cifukwa Cinyanja cimawasonkhanitsa m'mau amodzi akuti kupeza ndalama, ndipo ana amalemba "find money" ponse ponse. M'Cingerezi "to find money" ndi kutola ndalama zimene wina wataya panjira. Wogwira nchito "earns money"; wamalonda "makes money"; mpingo wofuna kufolera denga "raises money"; wamasiye "inherits money"; ndipo wochova njuga yekha, kapena wopambana mpikisano, ndiye amene "wins money". Mphunzitsi sapata malipiro ake ndi "win", ngakhale mwezi wina zimaoneka ngati cotero. Kusiyana kwa "earn" ndi "win" nkofunika kuposa mau ena onse a m'nkhani ino, pakuti loyambalo liri ndi thukuta m'kati mwake ndipo laciwirilo liribe. Mbali ya kutaya nayo iri ndi masitepe: "spend" ndi kugula nazo zinthu, "waste" ndi kuononga, "squander" ndi kumwaza cuma conse mopanda nzeru, zonga zimene makolo ananena kuti cuma ndi mcira wa khoswe, sucedwa kupululuka.

Munthu wa cuma m'Cinyanja ngolemera, ngati katundu, ndipo mwana wina adzalemba ndithu kuti "he is a heavy man". Angerezi amati "well off" kapena "well-to-do" ponena mwaulemu, ndipo "rolling in money", "filthy rich" ndi "stinking rich" ponena monyoza kapena mwansanje. Atatu otsirizawa asalowe m'kalata yopempha nchito. Cinyanja cinali nalo liu lake lokoma, mpondamatiki, munthu woponda pa matiki. Koma tiki, sikisi ndi sheleni zinacoka pamene kwacha ndi ngwee zinalowa mu January 1968, ndipo ana a lero sanaionepo peni. Cifukwa cake "penniless" ndi "it cost a pretty penny" afunika kuwamasulira, kuti woyambayo ndi munthu wopanda ndi kakhobidi komwe, ndipo waciwiriwo anena za cinthu codula. Pali mau ena amene amadabwitsa ana a dziko lino koposa. Mngerezi akati "they pay him peanuts" atanthauza kuti amlipira ndalama zosanunkha kanthu. Kwa mwana amene fizi yake, nsapato zake ndi malata a nyumba ya kwao zinacokera m'matumba a nshawa za Chalimbana, mau amenewa amveka ngati citamando, ndipo mphunzitsi amuuze poyera kuti si citamando ai. "Windfall" ndi losabvuta: ndi cipatso cogwetsedwa ndi mphepo, monga mango otola m'mamawa, ndipo litanthauza ndalama zobwera mosayembekezeka.

Mau akuti "a self-made man" afunika kukambirana, osati kungowaloweza. Kwa Angerezi, ndipo makamaka kwa Amereka, ndi citamando cacikuru: munthu amene anayamba wopanda kanthu nakwera ndi manja ake, "from rags to riches". M'midzi yambiri ya kuno munthu wolemera yekha pakati pa abale osauka amayamba kunong'onedwa kuti anakhwima, ndipo cigayo cake kapena sitolo yake anthu amaiyang'ana ndi diso la m'mbali. Mphunzitsi sayenera kubvomereza manong'onong'o amenewo, amene aononga mabanja ndi kucititsa alimi akhama kubisa zokolola zao. Komanso sayenera kumeza mau a Cingereziwo osatafuna, pakuti m'kalasi mwake mulibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anadzipanga yekha. Pambuyo pa ali yense pali amai ogulitsa tomato, kapena amalume amene anagulitsa mbuzi.

Zonsezi zikanakhala nkhani ya mayeso cabe, zikanatha kudikira. Koma ana alikuwerenga mau a mwai tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu. Pa makoma a masitolo m'tauni ya Chipata, pa wailesi pakati pa mpira, ndi pa foni ya mkuru wao, akumana ndi "try your luck", "lucky winner", "win big" ndi "hit the jackpot". Olemba mau amenewa adziwa bwino Cingerezi cao, ndipo asankha anzake a "luck" owala okha okha. Mnyamata amene watumidwa ndi ndalama za feteleza, naima pakhomo pa nyumba yobecherana mpira, amamva theka la cinenero. Theka linalo ndi nchito ya mphunzitsi kulipereka: "the odds are against you", ndiko kuti masamu a masewerowo anakonzedwa kuti mwini nyumba apindule, "to lose heavily", "to fall into debt", "to throw good money after bad", ndiko kuonjeza ndalama pofuna kubweza zimene zapita kale, ndi "easy money" pamodzi ndi "get-rich-quick", mau amene eni Cingerezi eni ake amawanena mokayika. Phunziro limeneli lingayende pamodzi ndi la masamu, ndipo lingatsekedwe ndi mwambi umene agogo a anawo audziwa, wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Kaphunzitsidwe kake sikafuna zipangizo zimene sukulu ya kumudzi iribe. Mphunzitsi asalembe "luck" yekha, alembe "a stroke of luck". Asalembe "fortune", alembe "make a fortune". Ana akhale ndi masamba angapo kumapeto kwa kope, kumanzere alembe conena conse ca Cinyanja, kumanja conena conse ca Cingerezi, osamasulira liu ndi liu: kutola nkhwangwa ndi mpini womwe kuyang'anizane ndi "a real stroke of luck", kupha makwacha kuyang'anizane ndi "to make good money". Zonena zisanu pa sabata nzokwanira, malinga zibwerezedwe m'ziganizo zonena za msika, za munda ndi za mpira wa Loweruka. Buku lomasulira mau likakhalapo, ana aphunzitsidwe kuwerenga zitsanzo za pansi pa liu, pakuti ambiri amaima pa tanthauzo loyamba natseka buku.

Ndipo kope lija la mwana wosimba za amalume ake libwezedwe ndi mizere yocepa. "Did luck" likhale "had a stroke of luck". "Killed much money" likhale "made a lot of money". "Saw bad luck" likhale "his luck ran out". Ciganizo ca msungicuma ndico cifuna kufatsa. Mwanayo adzanena kuti anamva akuluakulu a m'tauni, ophunzira bwino, alikunena "he ate the money", ndipo sanama, cifukwa mauwa amamveka m'Cingerezi ca m'misewu ya Zambia ndi maiko ena a Afrika. Mphunzitsi amuuze zoona, kuti pocheza ndi anzake adzamveka, koma woyesa mayeso ndi woweruza mlandu amayembekeza "he misused the funds" kapena "he embezzled the money". Kenaka amfunse ngati msungicumayo anangogwiritsa ndalamazo molakwika kapena anazibadi, pakuti mau awiriwo sanena mlandu umodzi, ndipo mwini nkhaniyo ndiye adziwa cimene cinacitika m'mudzi mwao.